Funsani Aphunzitsi: Mawu a Chingerezi Ofanana Nkhope

Makalata ambiri a mwezi uno akudandaula za chinthu chimodzi: mawu a Chingerezi amene amaoneka kapena kumveka mofanana pomwe matanthauzo ake ndi osiyana. Ndasankhapo angapo. Ena ndawadula chifukwa anatalika, ndipo maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Funso: Aphunzitsi, ndinalembera mnzanga uthenga wakuti "I borrowed you money in March, please pay back." Iye wandiyankha moseka kuti ngati zili choncho, woyenera kubweza ndine. Ndalakwitsa pati? Ndine bambo wochita bizinesi.

Yankho: Bambo, mnzanuyo ndi wachipongwe, koma pa Chingerezi pokha wakupezani. "Borrow" ndi mawu a munthu amene akulandira, "lend" ndi a munthu amene akupereka. Inu munapereka, choncho munayenera kulemba kuti "I lent you money in March." Onaninso kuti zikakhala zakale timati "lent". "Lended" kulibe.

Chimene chakupunthwitsani ndi Chichewa chathu chomwechi. Mneni woti kubwereka timamuyendetsa mbali zonse ziwiri. Ndikati ndabwereka njinga kwa mlongo wanga, njingayo yabwera kwa ine. Ndikati ndinam'bwereka njinga mlongo wanga, njingayo yachoka kwa ine. Mutu ukazolowera zimenezi umayesa kuti "borrow" nayenso amapita uku ndi uku, pomwe iye amadziwa njira imodzi yokha. Tsono siyani kuganiza za kubwereka, muziganiza za ngongole. Kukongola ndi "borrow", kukongoza ndi "lend". Awiriwa sindinamvepo munthu akuwasokoneza. Timawu totsatira natonso timathandiza: "borrow from", "lend to". Mukaona kuti dzina la munthu labwera pambuyo pa "borrow" popanda "from", dziwani kuti china chake chalakwika.

Kalata yanuyi ndayamba nayo dala. Mwa zolakwika zonse za pa tsamba lino, chanu ndicho chingamutayitse munthu ndalama. Polankhula sizivuta kwenikweni, ndipo ngakhale eni Chingerezi a m'madera ena amati "borrow me your pen" wina n'kupereka cholemberacho osafunsa. Koma mawu akalembedwa pa pepala la ngongole, amene adzaliwerenge mawa sanaone amene anapereka ndi amene analandira. Adzakhulupirira mneniyo. Mulembereninso mnzanuyo lero lomwe.

Funso: Kompyuta ya ku ofesi imaika mzere wofiira pansi pa "practise" ndi "licence", koma abwana anga akuti ndizilemba choncho. Ndimvere ndani? Ndine mlembi.

Yankho: Mayi, ulendo uno mverani abwana, koma musafulumire kuinyoza kompyutayo. Onse akulondola, kungoti akulankhula Chingerezi cha maiko awiri. Ku Britain "practice" wa c ndi dzina, "practise" wa s ndi mneni: "the doctor's practice", koma "she practises medicine". N'chimodzimodzinso "licence" ndi "license": chiphaso choyendetsera galimoto ndi "driving licence", koma amene wapatsidwa chilolezo ndi "licensed". Ku America anachotsa kusiyanaku. Amalemba "practice" konsekonse ndi "license" konsekonse. Taonani kuti pamodzi anasankha c, penapo anasankha s, ndiye musataye nthawi kufunafuna nzeru yake.

Masipelo ambiri a ku America, monga "color", "center" ndi "defense", anakhazikika chifukwa cha Noah Webster, amene dikishonale yake yaikulu inatuluka mu 1828. Kompyuta yanuyo inatcheredwa pa Chingerezi chimenecho. Mu Microsoft Word pitani pa Review, kenako Language, musankhe cha United Kingdom, mizere yofiirayo itha.

Kuti muzikumbukira komwe kukupita c ndi komwe kukupita s, gwiritsani ntchito mawu awiri amene khutu limawasiyanitsa lokha: "advice" ndi "advise". Oyambawo amathera ndi liwu la s ndipo ndi dzina, malangizo. Achiwiriwo amathera ndi liwu la z ndipo ndi mneni, kulangiza. Mukakayika, ikani limodzi mwa awiriwa pamalopo. Pamene pakukwana "advice" lembani "practice", pamene pakukwana "advise" lembani "practise". "Advice" ndi "advise" sasintha, ku London kapena ku New York. Ndipo poti ndatchula, "advices" musalembe m'kalata ya ofesi. Malangizo kaya achuluke chotani ndi "advice" basi.

Chenjezo langa ndi lina. Mzere wofiira umagwira mawu amene mulibe m'dikishonale ya kompyutayo. Mukalemba mawu enieni pamalo olakwika, kawirikawiri imangokusiyani. Kalata yopanda mzere wofiira ndi umodzi womwe ikhozabe kukuchititsani manyazi, monga muonere pa funso lachinayi.

Funso: Aphunzitsi, "affect" ndi "effect" akundizunguza mutu ndipo mayeso ayandikira. Mungandipatse mndandanda wa mawu onse osokonezawa kuti ndiloweze? Ndine wophunzira wa sekondale.

Yankho: Mwanangu, mndandandawo sindikupatsa. Ndaona ophunzira ambiri atalemba mawu awiriawiri m'kope, ili kumanzere ili kumanja, n'kuloweza matanthauzo usiku wonse. Tsiku la mayeso amakumbukira kuti pali mawu awiri ndi matanthauzo awiri, koma loti ili ndi la tanthauzo liti, zauluka. Kuwaika pamodzi choncho n'kumene kumawamangiriza m'mutu. Liwu lililonse uliphunzire palokha, lili m'chiganizo chake, pamodzi ndi anzake amene limayenda nawo.

Tiye tiyese. "Affect" nthawi zambiri ndi mneni, kukhudza chinthu n'kuchisintha: "The rain affected the match." "Effect" nthawi zambiri ndi dzina, zotsatira zake: "The rain had an effect on the match." Ukaona "the", "an" kapena "no" patsogolo, lemba wa e. Loweza timagulu iti monga tilili: "side effects", "take effect", "with effect from", "cause and effect". Ukatero sudzafunikanso lamulo, dzanja lizingolemba lokha.

Pali msampha umodzi umene olemba mayeso amaukonda. "Effect" akhozanso kukhala mneni, ndipo pamenepo amatanthauza kuchititsa kuti chinthu chichitike. "The manager effected changes" ndiye kuti bwanayo ndi amene anabweretsa kusinthako. "The manager affected the changes" ndiye kuti kusinthako kunalipo kale, iye anangokukhudza. Onse awiri anachokera ku mneni wa Chilatini "facere", kuchita. Wina anatenga "ad", kulozera ku chinthu, wina anatenga "ex", kutuluka m'chinthu. N'chifukwa chake "effect" ndi chimene chatuluka.

Funso: Ndinapachika chidziwitso chakuti "All stuff must attend the meeting." Wantchito wina analemba pansi pake kuti mipando ndi matebulo zibweranso. Ndinachita manyazi kwambiri. Zoterezi zimandichitikira kawirikawiri, makamaka "leave" ndi "live", komanso "collect" ndi "correct". Kodi ndi umbuli? Ndine woyang'anira antchito.

Yankho: Achimwene, si umbuli. Munthu amene amasokoneza "borrow" ndi "lend" sadziwa bwino tanthauzo. Inu matanthauzo mukuwadziwa: "staff" ndi antchito, "stuff" ndi katundu kapena zinthu. Vuto lanu lili m'khutu, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Chichewa chili ndi maliwu asanu: a, e, i, o, u. Chingerezi chimalemba ndi malembo asanu omwewo, koma pakamwa, m'katchulidwe kamene madikishonale a ku Britain amaonetsa, maliwuwo alipo pafupifupi 20. Khutu limene linakula ndi asanu limatenga liwu lililonse lachilendo n'kuliponya m'gulu limene layandikana nalo. Motero "hat", "hut" ndi "heart" onse amagwera pa a. "Live" ndi "leave" amagwera pa i, "full" ndi "fool" amagwera pa u. Polemba timayamba tadziuza mawuwo chamumtima, ndipo ngati mumtimamo akumveka mofanana, dzanja limangotola amene ali pafupi.

Nkhani ya l ndi r ndi yomweyo. M'Chichewa mutati kulira, kulila kapena kurira, aliyense amva kuti pali misozi. Maliwu awiriwa sasintha tanthauzo la mawu athu, choncho khutu silinaphunzire kuwalabadira. M'Chingerezi amasintha zonse. "Collect the money" ndi kutolera ndalama, "correct the figures" ndi kukonza manambala olakwika. "Play" ndi "pray", "load" ndi "road", "flight" ndi "fright", onsewa asiyana pa lemba limodzi. Sitili tokha pa vutoli. Olankhula Chijapani amalimbana ndi l ndi r yemweyu, olankhula Chisipanishi ali ndi maliwu asanu ngati ife ndipo "ship" ndi "sheep" amawavuta, pomwe olankhula Chiarabu amavutika ndi p ndi b.

Eni chinenerocho nawonso ali ndi mtolo wawo, ndipo anausenza kalekale. William Caxton anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, ndipo kuyambira nthawi imeneyo masipelo anayamba kukhazikika pang'onopang'ono. Koma m'zaka zomwezo, kuyambira cha m'ma 1400 mpaka cha m'ma 1700, katchulidwe ka maliwu aatali a Chingerezi kanali kakusintha kwambiri. Pepala linaima, pakamwa panapitirira. "Meat" ndi "meet" kale ankamveka mosiyana, lero ndi amodzi. K wa mu "knight" ankatchulidwa, lero anangotsala pa pepala ndipo mawuwo akumveka ngati "night". Ndiye mukaona Mngerezi walemba "there" m'malo mwa "their", dziwani kuti naye khutu lamunamiza.

Chochita chili pawiri. Choyamba n'chachangu: musadalire khutu, dalirani diso. Lembani pa kapepala mawu anu amene amakugwetsani, osati a m'buku, anuanu, aliyense m'kachiganizo kake: "staff meeting", "annual leave", "collect your payslip". Musanapachike chilichonse, fufuzani mawu amenewo okha. Chachiwiri chimatenga nthawi: kuphunzitsa khutu. Madikishonale a pa intaneti monga a Cambridge ndi Oxford ali ndi kabatani kotchula mawu. Mverani "staff", mverani "stuff", bwerezani, kenako dzijambuleni pa foni mukuwatchula. Poyamba mudzalumbira kuti ndi amodzi. Khutu la munthu wamkulu limaphunzira mochedwa, koma limaphunzira.

Za wantchito wolemba pansi pa chidziwitsoyo, musamusungire mangawa. Wakuthandizani mwamwano, komabe wakuthandizani.

Funso: Anatiphunzitsa kuti chinthu chikakhala cha wina timaika kachizindikiro kam'mwamba ndi s, monga "John's book". Nanga bwanji mkonzi wandichotsera kachizindikiroko mu "The company lost it's licence"? Ndine mtolankhani wongoyamba kumene.

Yankho: Mkonzi wanu wachita bwino, ngakhale maganizo anu ali ndi mutu. Lamulo limene munaphunziralo ndi la maina. Alowam'malo ali ndi lawo: "his", "hers", "ours", "yours", "theirs", onsewa ndi aumwini ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wokhala ndi kachizindikiroko. "Its" ali m'gulu limeneli. "It's" wa kachizindikiro ndi chidule cha "it is" kapena "it has", ndipo kachizindikiroko kakugwira ntchito imene kamagwira tikalemba m'nyumba m'malo mwa mu nyumba: kusonyeza kuti pachoka lemba.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tambasulani chidulecho muwerenge mokweza. "The company lost it is licence" sizikumveka, ndiye lembani "its". Chitani chomwecho ndi "who's" ndi "whose", "you're" ndi "your", "they're" ndi "their". Ngati "who is", "you are" kapena "they are" sakukwana pamalopo, kachizindikiroko kachoke.

Mwina zikutonthozani kudziwa kuti "its" ndi mlendo m'Chingerezi. Anayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Asanabwere, anthu ankati "his" ngakhale ponena za mtengo kapena mwala. Baibulo la King James la mu 1611 linasindikizidwa lopanda "its", ndipo amene mumamuona lero pa Levitiko 25:5 anaikidwapo pambuyo pake. Kwa zaka zambiri zotsatira, olemba ophunzira bwino ankalemba monga mwalembera inumu. Koma zimenezo musakamuuze mkonzi wanu. Lero lamulo linakhazikika, ndipo cholakwika ichi ndi chimodzi mwa zimene owerenga amaziona msanga n'kuyamba kukayikira nkhani yonse.

Funso: Ine ndi amuna anga takhala tikutsutsana. Iwo akuti "less people" ndi Chingerezi chowola, choyenera ndi "fewer people". Ine ndimamva azungu enieni pa wailesi akunena "less people". Tiweruzeni.

Yankho: Mayi, mlandu uwu ndiugamula mokomera onse, koma amuna anu alipira pang'ono chifukwa cha mawu oti chowola. Lamulo la m'mabuku likuti "fewer" ndi wa zinthu zowerengeka chimodzichimodzi, "less" ndi wa zosawerengeka: "fewer cars", "less traffic". Pa mayeso, m'lipoti, m'kalata yofunsira ntchito, tsatirani limeneli, chifukwa wowerengayo mwina ndi munthu ngati amuna anu.

Koma lamuloli si lakale monga anthu amaganizira. Amene amafufuza mbiri ya chinenerochi amalilondola kwa Robert Baker, amene mu 1770 analemba kuti iye akuona ngati "fewer" amamveka bwino pa zinthu zowerengeka. Anali maganizo ake chabe. Aphunzitsi a pambuyo pake ndi amene anawasandutsa lamulo. "Less" wa zinthu zowerengeka amapezeka kale m'zolemba za Mfumu Alfred cha m'ma 888. Mkanganowu sunathe ngakhale kwa eni ake. Mu 2008 sitolo za Tesco ku Britain zinayamba kusintha zikwangwani za "10 items or less" n'kulemba "up to 10 items", pothawa madandaulo a anthu okonda galamala. Ndiponso ngakhale wokhwimitsa lamulo chotani amati "less than ten kilometres" ndi "less than five years", chifukwa mtunda, nthawi ndi ndalama amaziona ngati mulu umodzi.

Chimene chimandidandaulitsa ine n'chakuti anthu amathera mphamvu pa "less" ndi "fewer", pomwe tanthauzo silisintha, n'kusiya kalemba kamodzi kamene kamatembenuza chiganizo chonse. "A few people came" ndiye kuti kunabwera anthu angapo ndithu, zinayenda. "Few people came" ndiye kuti anthu sanabwere kwenikweni, zinakanika. "There is a little hope" mukulimbikitsa wodwala, "there is little hope" mukuuza abale kuti akonzeke. Ndinaonapo lipoti lofuna kuyamikira ntchito litalemba "few farmers adopted the method", wolembayo akuyesa kuti wanena zabwino. Afunseni amuna anu za zimenezi madzulo ano, tione ngati akhoze.

Funso: Chonde ndisiyanitsireni mwachidule awa: "lose" ndi "loose", "stationary" ndi "stationery", "lie" ndi "lay". Ndine namwino.

Yankho: "Lose" amathera ndi liwu la z ndipo ndi kutaya kapena kugonja. "Loose" amathera ndi liwu la s ndipo ndi chinthu chokhwepa, chosamangika. Wodwala amene akuonda "is losing weight", ndi o mmodzi. Bandeji yokhwepa "is loose".

"Stationary" wa a ndi chinthu choima, chosayenda, ngati galimoto imene yaima. "Stationery" wa e ndi mapepala, zolembera ndi maenvulopu, ndipo e wa envulopu akukumbutseni. Awiriwa ndi pachibale. Kale ku Ulaya amalonda ambiri ankayendayenda, koma ogulitsa mabuku ena anali ndi malo okhazikika, makamaka pafupi ndi mayunivesite, ndipo ankatchedwa "stationers", anthu oima pamodzi. Bungwe lawo la ku London, Stationers' Company, linalandira chikalata cha ufumu mu 1557. Katundu wawo ndi amene anadzatchedwa "stationery".

"Lie" ndi "lay" ndiwo ovuta, ndipo inu a m'chipatala mumawafuna tsiku ndi tsiku. "Lie" ndi kugona wekha, "lay" ndi kugoneka wina kapena kuika chinthu pansi. Kugona ndi kugoneka, monga tinachitira ndi kukongola ndi kukongoza. Wodwala mumamuuza kuti "lie down", osati "lay down". Khanda mukuligoneka ndinu: "lay the baby on her back". Chisokonezo chimabwera zikakhala zakale, chifukwa "lie" wa dzulo amasanduka "lay", kufanana ndendende ndi mnzake uja wa lero. "Yesterday the patient lay still" ndi zolondola, anagona yekha osagwedezeka. "Yesterday I laid the baby down" ndi zolondolanso, munamugoneka ndinu. Dongosolo lake ndi "lie, lay, lain" pa kugona ndi "lay, laid, laid" pa kugoneka.

Palinso "lie" wina, wa kunama, amene amayenda "lie, lied, lied". Polemba m'faelo ya wodwala samalani naye ameneyu. Mukalemba "the patient lied on the bed", dokotala wobwera m'mawa awerenga kuti wodwalayo ananena bodza ali pabedi. Lembani "lay".